Moto umodzi, chakudya cha tsiku lonse: malangizo kwa ophika a ku Tsangano

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza amapadziwa pa Tsangano Turn-off. Basi ikangoima, m'mawindo mumadzaza kabichi, karoti, anyezi, tomato ndi ndowa za kachewere. Zambiri mwa zimenezi zimatsika kuchokera kumtunda, m'dera la mfumu yaikulu Mpando ndi m'midzi ya tsidya la malire ku Mozambique, ndipo zimakathera m'miphika ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Pakhomo pa mlimi mwini wakeyo, chosowa nthawi zambiri si chophika ayi. Chosowa ndi nthawi komanso nkhuni. Munthu amalawirira kudimba mame ali mbuu, n'kubwerako dzuwa lili paliwombo, ana akuweruka kusukulu ndi njala, ndiye amangogwira chapafupi: nsima ndi kabichi lero, nsima ndi kabichi mawa. Malangizo ali m'munsiwa mfundo yake ndi imodzi. Musamaganize za kadzutsa payekha, nkhomaliro payokha, mgonero pawokha. Ziganizireni zonse pamodzi, kuti moto womwe mwakoleza m'mawa ugwire ntchito mpaka madzulo. Miyeso yonse ndi ya banja la anthu 5 kapena 6, ndipo kapu yake ndi yomwera tiyi ija.

Yambani madzulo, musanagone

Nyemba zophikidwa ku Tsangano zimachedwa kupsa kusiyana ndi zophikidwa ku Salima kapena ku Nsanje, ngakhale mbewu ikhale imodzimodzi. Vuto si mphika wanu. Kufupi ndi nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, koma mukakwera mamita 300 alionse amawira msanga ndi pafupifupi digiri imodzi. Kumapiri kuno, kopitirira mamita 1,500, madzi amabwata ali pa madigiri 95 kapena kutsikirapo. Mphika umaoneka wowira bwino koma kutentha kwake n'kochepa, ndipo kusonkhezera zikuni zambiri sikusintha kanthu, kumangomaliza nkhuni.

Mankhwala ake n'kuviika. Mukatha kudya mgonero, thirani makapu 2 a nyemba m'lichero, sankhani miyala ndi zofumbwa, tsukani, n'kuziviika m'makapu 6 a madzi. Zigone m'madzimo mpaka m'mawa. Nyemba zoviika zimapsa msanga kwambiri ndipo sizitupitsa m'mimba ngati zotereka zouma. Napilira, Kholophethe, Nanyati kapena NUA 45, zonse zimafuna chimodzimodzi, ndipo zogonera chaka zimafuna kuviika nthawi yotalikirapo.

Nthawi yomweyo tsukiranitu kachewere wa m'mawa koma musamusende, tungiranitu madzi, ndipo nkhuni za mawa muziike pafupi ndi mafuwa kuti zigone zikuuma. Chikuni chomwe chagona panja m'chifunga cha mu Juni chimangotulutsa utsi ndi misozi.

Kadzutsa

Moto ukayaka, woyamba kukwera ndi mphika wa kadzutsa. Nazi njira zitatu zomasinthanitsa.

Phala la mgaiwa ndi soya. Popita kuchigayo sakanizani makapu 4 a chimanga pa kapu imodzi iliyonse ya soya. Soyayo ayambe wakazingidwa mpaka atafiirira pang'ono, kapena waponyedwa m'madzi owira kale kwa mphindi 30 n'kuyanikidwa, chifukwa wamuwisi amanunkha ndipo sagayika bwino m'mimba. Muyeso umenewu ndi wofanana ndi wa Likuni Phala wodziwika uja. Pophika, sungunulani makapu 2 a ufa m'madzi ozizira, thirani m'makapu 8 a madzi otentha, muzitakasa mpaka litayamba kuwira, kenako liwire mphindi 15 pa moto wochepa. Ngati soya palibe, nsinjiro zodzaza dzanja zimalowa m'malo. Phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6 likhale lolimbako, losayoyoka pa supuni, ndipo muthiremo kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba ya mwana ndi madzi basi.

Futali wa kachewere. Ambiri futali amamudziwa wa mbatata ya kholowa kapena wa chinangwa, koma wa kachewere ndi wokoma chimodzimodzi ndipo amapsa msanga. Dulani mbatatesi 12 zapakatikati panayipanayi, ziikeni m'poto ndi anyezi mmodzi, tomato awiri, mchere ndi madzi ongofika pakati pa mbatatesizo. Zikayamba kufewa, wazani kapu imodzi ya nsinjiro pamwamba, vundikirani osatakasa kwa mphindi 5, kenako takasani ndi kusiya zipse mphindi zina 5. Mukatakasa msanga nsinjiro zimakhala pansi n'kupserera.

Chigumu cha tirigu. Tsangano ndi limodzi mwa madera ochepa m'Malawi muno olima tirigu, pamodzi ndi Neno ndi mbali zina za Dedza, choncho musamugulitse yense. Sakanizani makapu 2 a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya mgaiwa, nthochi 3 zakupsa kwambiri zokanyakanya, theka la kasupuni ka soda, kamchere, masupuni awiri a mafuta, ndi madzi kapena mkaka wokwanira kuti zikhale ngati phala lolimba. Pakani mafuta m'poto, thirani, vundikirani, ikani makala pang'ono pansi ndi ochulukirapo pa chivundikiro. Pakatha mphindi 30 bayani ndi mpeni pakati. Ukatuluka wouma, chapsa. Ichi n'chophika tsiku lomwe muli ndi mpata, chifukwa chimafika mawa lake.

Tiyi ndi wabwino m'mawa wozizira, koma tiyi yekha si kadzutsa. Komanso amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'chakudya, choncho amayi oyembekezera azimwa patapita kanthawi atadya, ndipo ana aang'ono asamapatsidwe m'malo mwa phala.

Dengu lophikira nyemba

Mukaphula kadzutsa, musalole moto kuti upite pachabe. Tayani madzi oviikira aja, thirani ena atsopano opitirira nyemba ndi zala zitatu, n'kutereka. Ziwire mwamphamvu, kubwata kwenikweni, kwa mphindi 20. Apa musachite ulesi: nyemba zaziwisi, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wotsegula m'mimba amene amafa ndi kuwira kwamphamvu kosachepera mphindi 10.

Tsopano m'malo mokhalira kusonkhezera moto mpaka masana, tengani dengu lakuya. Yalani pansi ndi m'mbali udzu wouma, mankhusu kapena nsanza zoyera, zochindikala ngati chikhatho chanu. Phulani mphika uli chiwirire, chivundikiro chili chitsekere, uikeni pakati pa dengu, funditsani bulangete lakale pamwamba mopanikiza. Musatsegule kuti muone. Pitani kumunda. Pakatha maola 3 kapena 4, nyemba zimakhala zafewa ndi kutentha komwe kunatsekeredwa muja, osapserera, osafuna wozilonda. Pobwerako zibwezereni pamoto ziwirenso musanazikonze. Mphika wodzadza bwino ndi umene umasunga kutentha. Wa nyemba zochepa pansi umazizira msanga.

Amene muli ndi Chitetezo mbaula mupindula kawiri, popeza mbaula yadothiyi imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa ndipo imalandira tizikuni, zisononkho ndi mapesi. Ikakhala itazima koma ikadali yotentha, ikaniponi ndowa ya madzi otsukira mbale.

Kamba wa kusukulu ndi kumunda

Pakati pa kadzutsa ndi nkhomaliro pali mtunda wautali, makamaka kwa mwana woyenda pansi kupita kusukulu. Powiritsa nyemba paja, ponyani m'phulusa lotentha mbatatesi zingapo zosasenda, kapena wiritsani tating'onoting'ono tomwe ogula amatikana tija. Mwana atenge ziwiri kapena zitatu, kamchere, ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja. Chidutswa cha chigumu, chimanga chokazinga, nthochi, kapena mapichesi pa nyengo yake, zonsezi n'zabwino kuposa kumupatsa ndalama yogulira zotsekemera za m'mapepala. Opita kudimba atenge botolo la thobwa, ndipo madzi osambira m'manja asaiwalike, makamaka tsiku lopopera mankhwala.

Nkhomaliro

Alangizi a zaumoyo m'dziko muno amaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Pali chinthu chimodzi chomwe mabanja olima kachewere ayenera kuchigwiritsa: mbatatesi ili m'gulu la zokhutitsa, limodzi ndi nsima. Mukaphika nsima ndi ndiwo za kachewere wothira tomato, banja lakhuta ndithu, koma ladya gulu limodzi kawiri. Si kulakwa kuphika choncho, bola pambali pakhale nyemba, usipa kapena dzira.

Nyemba zapsa kale m'dengu muja, ndiye ntchito yatsala pang'ono. Kazingani anyezi mmodzi m'masupuni atatu a mafuta, onjezani tomato atatu, akasungunuka thirani theka la nyemba zija ndi msuzi wake. Phwanyani zina ndi chipande kuti msuzi ulimbe, thirani mchere, ziwire mphindi 10. Theka linalo lisiyeni lovundikira pamalo ozizira. Ndi la madzulo.

Masamba ndiwo amaonongeka kawirikawiri pophika. Tsukani musanadule, osati mutadula, chifukwa madzi amakokolola zofunika za m'masamba odulidwa. Kabichi safuna madzi: mukazinge anyezi ndi tomato, ponyani kabichi wodula mopyapyala ndi karoti mmodzi wopala, vundikirani mphindi 5 mpaka 7, phulani akadali wobiriwira ndi wokhukhuta pang'ono pakamwa. Kabichi wofiirira, wonunkha, ndi wopsa mopitirira. Ndipo masamba akunja obiriwira kwambiri aja, omwe ambiri amaponyera nkhumba, ndi amene ali ndi chakudya chochuluka kuposa oyera am'kati. Ngati ali abwino, aphikeni.

Mpiru, repu, nkhwani, khwanya, bonongwe ndi chisoso zimaposa kabichi pa ayironi ndi vitamini A, choncho zisasowe katatu pa sabata. Zotendera zimaphikidwa chonchi: madzi theka la kapu awire ndi mchere, ponyani masamba ndi tomato, pakatha mphindi 5 wazani nsinjiro, vundikirani pang'ono, takasani, zipse mphindi zina 5. Soda kapena chidulo musungire therere. M'masamba ena soda amafewetsa msanga koma amapha mavitamini. Masamba anthete safuna soda n'komwe.

Nsinjiro zikhale za mtedza wosankha bwino. Wonyala, wakuda, wowawa kapena wachuku utayidwe, osati kuusinja poti sukugulika. Poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga amaononga chiwindi ndipo safa ndi moto.

Za nsima palibe wofuna kuphunzitsidwa, koma ziwiri zokha. Phala lake lisiyeni liwire mokwanira, mphindi 10 kapena kuposerapo, musanayambe kuvundula, chifukwa kuno madzi amafulumira kubwata ufa usanapse. Chachiwiri, ufa woyera umakoma koma zambiri zimatsalira mu gaga ndi m'madzi oviikira mphale. Ngati a pabanja panu mgaiwa amaukana, yambani n'kusakaniza kapu imodzi ya mgaiwa pa makapu awiri a woyera, pakamwa pamazolowera.

Mukatha kudya, chipatso: gwafa, lalanje, pichesi, papaya, chilichonse cha pa nyengo yake. Chipatso chodya pamodzi ndi nyemba chimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyembazo.

Mgonero

Madzulo wophika amakhala atatopa, kunja kukuzizira, ndipo chofunika ndi mphika umodzi wotentha.

Kachewere ndi nyemba. Tengani theka la nyemba lija, libwezereni pamoto liwire. Dulani mbatatesi 10, karoti awiri ndi anyezi, ponyani momwemo, onjezani madzi ofika pamwamba pake, mchere ndi mafuta pang'ono. Pakatha mphindi 20 mbatatesi zimayamba kusungunuka m'mbali n'kulimbitsa msuzi. Kumapeto ponyani mpiru wodula wodzaza manja awiri, vundikirani mphindi 3, phulani. M'mphika umodzimo muli magulu anayi, ndipo nsima siifunika. Abambo kapena agogo akanena kuti popanda nsima agona ndi njala, musakangane nawo. Aphikireni mitanda iwiri, ena onse adye za mumphikamo.

Usipa. Dulani mitu ngati ndi wowawa, muviike m'madzi ofunda mphindi 10 kuti mchenga utsike pansi, mumutole ndi manja osati kukhuthula. Mukazinge pang'ono m'mafuta, onjezani anyezi ndi tomato wambiri, madzi theka la kapu, apse mphindi 10. Kwa mwana wamng'ono, kazingani usipa wouma popanda mafuta, sinjani mumtondo, sefani, n'kusunga ufawo m'botolo louma. Kasupuni kamodzi m'phala lake n'kokwanira.

Mazira. Mazira atatu sakwanira anthu 6 mukawiritsa, koma mukawaswera m'tomato ndi anyezi wokazinga, n'kuwonjeza nsawawa zaziwisi zowiritsa kapena kabichi wodula bwino, amakwanira onse. Ana ndi amayi oyembekezera adye mazira. Palibe vuto lililonse limene dzira lakupsa bwino limabweretsa kwa iwo.

Tchipisi cha pa chiwaya chili ndi malo ake, tsiku la msika kapena pobwera alendo. Kunyumba chimamwa mafuta ambiri, ndipo mafuta obwereza kambirimbiri mpaka kuda si abwino. Mbatatesi zowiritsa n'kuzigudubuza m'supuni ziwiri za mafuta ndi anyezi zimakoma mofanana, ndipo botolo la mafuta limatha mwezi.

Kusamala kachewere ndi zina za m'khitchini

Mbatatesi ikakhala padzuwa kapena poyera imabiriwira khungu, ndipo ikakhalitsa imatuluka mphukira. Pobiriwira ndi pa mphukirapo pamakhala poizoni wowawa amene satha ndi kuphika. Ngati pabiriwira pang'ono, sendani mozama n'kukolowola maso onse. Ngati yabiriwira kwambiri, yafota kapena ikuwawa pakamwa, itayeni, ndipo musapatse ana. Ya kudya isungidwe mumdima, pouma, podutsa mphepo, yosatsuka, yoyala pa thandala kapena pa udzu osati yothinana m'thumba la pulasitiki. Muziyang'ana sabata iliyonse n'kuchotsa yowola isanapatsire zinzake. Ya mbewu, kaya ndi Rosita kapena Violet, ikhale payokha, makamaka ngati yathiridwa mankhwala.

Kabichi ndi tomato wa kudimba amapoperedwa kawirikawiri. Pa botolo kapena paketi ya mankhwala pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole. Atsatireni pa za kunyumba monga pa zogulitsa, ndipo botolo la mankhwala lisasanduke losungira mchere kapena mafuta ngakhale mutalitsuka chotani.

Pogula kugolosale, sankhani mchere wa ayodini, ndipo muusunge wotseka pouma. Shuga ndi mafuta ophikira a m'mapaketi ndi m'mabotolo ovomerezeka m'dziko muno amathiridwa vitamini A. Mafutawo asakhale padzuwa.

Zotsala ndi moto wa usiku

Kuzizira kwa kuno kumathandiza kusunga chakudya, koma si firiji. Zotsala zivundikiridwe, ziikidwe pamalo ozizira pomwe khoswe ndi mphaka safika, ndipo zidyedwe pa chakudya chotsatira. Musangozifunditsa, ziwire mpaka nthunzi itatuluka pakati penipeni. Mkute wa nsima uduleni, muuotche pa makala kapena muuphwanyire m'madzi owira ukhale phala. Nyemba zikayamba thovu kapena kafungo kosasa, musayese kuzipulumutsa ndi soda. Mwana wosakwana zaka 2 aphikiridwe chatsopano.

Mu Juni ndi Julayi anthu amakonda kulowetsa mbaula ya makala m'nyumba akatha kuphika kuti aothe. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagonetsa munthu osadzukanso. Othani chitseko kapena windo lili lotsegula, ndipo musanagone mbaula ituluke panja.

Konzekerani miyezi yovuta

Pa nthawi imene kabichi watsika mtengo mpaka kuwolera pamsika, kapena nkhwani ndi khwanya zachuluka m'munda, futsani. Viikani masamba m'madzi owira a mchere kwa mphindi 2 kapena 3, tsanulani, yanikani pa mphasa yoyera pamthunzi podutsa mphepo kuti asachite dzuwa n'kuyera. Akauma mpaka kuthetheka, sungani m'chikwatu kapena m'chigubu chotseka. Tomato wodula mopyapyala amaumanso bwino m'miyezi ya dzuwa. Pokolola nyemba, patulani za chakudya cha pakhomo musanaitane ogula: banja lodya makapu 2 katatu pa sabata limafuna makilogalamu pafupifupi 60 pa chaka. Mu Januwale ndi Febuluwale, nyemba zomwe munagulitsa motchipa mumazigula pa mtengo wowawa.

Pomaliza, dongosolo ili limayenda bwino likakhala la banja lonse. Kusankha ndi kuviika nyemba ndi ntchito yoti mwana wa sitandade 4 angathe. Kuwaza nkhuni n'kuzilowetsa, kutunga madzi, kupita kuchigayo ndi chimanga chosakaniza kale ndi soya, abambo ndi anyamata angachite popanda wowaseka. Gwirizanani masiku atatu a nyemba pa sabata, awiri a usipa kapena matemba, limodzi la mazira, ndi limodzi la nyama kapena nkhuku ngati thumba lalola, masamba osasowa tsiku lililonse. Mukatero wophika sayambanso tsiku ndi funso loti lero tidya chiyani, ndipo mtolo wa nkhuni womwe unkatha masiku awiri udzayamba kufika lachitatu.